Yankho Lachinayi

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka. Bedi langa ndi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi sinki yodontha. Dokotala akuti ndichepetse zolankhula kuti khosi lipume, ndiye mayi a Katsabola andigulira kope ili kuti zondiyabwa pakamwa ndizithira muno. Amandidziwa mkazi wangayu. Munthu amene wakalambira pampando wa pambali kuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, kukuwa kuti "Buleki! Buleki!" tsiku lonse, sungangomuuza kuti khala chete n'kuganiza kuti zatheka.

Vuto ndi mawu. Anayamba kusasa chaka chatha, ine n'kumati ndi fumbi la mumsewu. Madzi a mandimu ndi uchi ndamwa okwana kudzaza thanki. Tsopano kumeza kukupweteka, ndipo ndikakwera masitepe mpweya umalira ngati tayala lobooka.

Anditenga magazi, andikweza pasikelo. Ndatsika ndi makilo asanu ndi awiri. Aliyense wovala zoyera akufunsa funso limodzi lomwelo: "Mumasuta?" Sindinasutepo. Amalemba, amachoka, kenako kumabwera wina: "Bambo, mumasuta?"

Laputopu yakale ija ndabwera nayo. Mayi a Katsabola anandiyang'ana ndi diso lija, koma anaiika okha m'chikwama.

Lachitatu, 5 Juni

Anandipopera mankhwala owawa m'mphuno n'kulowetsamo kapaipi kokhala ndi kamera. Ndinaona khosi langa pasikirini. Pamene pamatulukira mawu pakhala chotupa chotuwa. Mawa adula kanyama kuti akapime.

Pabedi loyandikana nane pali mkulu wina amene kale ankagulitsa nyama. Iwo anawachita opaleshoni mwezi watha. Ali ndi bowo pakhosi, lophimbidwa ndi kansalu, ndipo amapumira pamenepo. Salankhula. Amamenya sipuni pakabati yachitsulo ya pambali pa bedi: kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi, katatu ndi mawu amene sindingalembe m'kope logulidwa ndi mkazi wanga. Wodi yonse imangowatcha a Sipuni.

Akazi awo ndi mayi ofatsa kwambiri, ndipo ndi amene amawalankhulira. Masana nesi anafunsa kuti, "Phala lakoma, agogo?" A Sipuni anamenya katatu, mwamphamvu ndithu. Mayi aja anamwetulira n'kunena kuti, "Akuti zikomo kwambiri."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinayang'ananso kansalu kaja, phwete linathera pomwepo.

Lachinayi, 6 Juni

Adula kanyama kaja. Khosi likuotcha. Tiyi wozizira yekha. Zotsatira akuti sabata yamawa.

Lachisanu, 7 Juni

Ndatsegula laputopu, ndiye ndifotokoze za gemu, poti nthawi ndili nayo yochuluka.

Gemu imeneyi ndi ya ine ndi mwana wanga Katsabola, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Dzinalo analipeza chifukwa cha pakamwa. M'gemumo umakhala munthu wapaulendo wovala chipewa chachikulu, ndipo Katsabola anangomutcha Chipewa. Akupita kumapiri kukatseka chipata chimene chikutulutsa mphepo yopha mbewu. Panjira amakumana ndi anthu. Akamulankhula, pansi pa sikirini pamabwera mizere itatu, iwe n'kusankha yankho. Pakona pali kanyali. Ukayankha zimene gemu imati n'zabwino kamawala, ukayankha zimene imati n'zoipa kamafuka utsi. Mawu ake ndi a Chingerezi, ndipo mwanayu kuwerenga sanakudziwe, ndiye ine ndimamasulira, kusintha mawu ngati wa zisudzo, iye n'kumasankha.

Koma amene anapanga gemu imeneyi sanakhalepo ndi anthu. Taonani izi. Mayi waba nkhuku ya mnzake kuti aphikire mwamuna wake wodwala. Yankho loyamba: mpatse zonse uli nazo, ndi nsapato zomwe. Lachiwiri: mkokere kwa asilikali, nyumba yake uitenthe. Lachitatu: khala chete. Ndiye kuti kapena ndiwe mngelo, kapena chigawenga, kapena chitsa. Palibe mzere wonena kuti, "Mayi, tiyeni tikapepese limodzi, tikachoka kumeneko tikaone amuna anuwo." Tsiku lina ndinasankha mzere wolembedwa kuti "Sindikugwirizana nazo." Chipewa anagubuduza tebulo n'kutukwana munthu ndi makolo ake omwe. Ndinachita kumuuza mwana kuti, "Akuti tebulo ili ndi logwedera."

Ndiye ndinayamba kuwonjezera langa. Ndimawerenga atatu aja, kenako ndimaika chala pasikirini ngati palembedwa, n'kunena kuti, "Lachinayi." Katsabola amasankha lachinayi nthawi zonse. Ine ndimadina lililonse loyandikirapo, zotsatira zake n'kuzikhotetsa pomasulira. Nyali yathu siwala ndipo sifuka, imangophethira ngati indiketa yoiwalika.

Tinapangana kuti sindipitiriza ndekha. Koma ndimasuzumira kutsogolo kuti ndikonzeretu lachinayi, kenako n'kubwerera pamene tinasiyira. Mphunzitsi wabwino amayamba wauyenda yekha msewu.

Lamulungu, 9 Juni

Ana saloledwa m'wodi. Timakumana nawo pakhonde la kunja, pamabenchi, Lamulungu masana. Katsabola anabwera juzi lake lofiira atalimanga m'chiuno, mayi ake akumutsatira ndi nthochi ndi supu m'botolo.

Sanandifunse n'komwe za matenda. Anakwera pabenchi n'kunena kuti, "Tsegulani."

Tinakumana ndi nkhalamba yotchinga pamlatho, ikuti sadutsa munthu mpaka wina aibereke. Ndinawerenga atatu aja. Lachinayi ndinati, "Agogo, msana wanga ndi woonongeka, koma gwirani mkono wanga tiyende pang'onopang'ono." Anasankha lomwelo. Kenako anandiyang'ana cham'mbali.

"Adadi, Chipewa chimfine chake sichikutha bwanji?"

"Kumapiri kumazizira," ndinatero.

"Azivala juzi."

"Iwe lako lili kuti?"

"Ine sindikudwala."

Mayi ake anaseka koyamba sabata ino. Supu ndinamwa theka. Ina ndinapatsa a Sipuni, anamenya kamodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Zotsatira zabwera. Dzulo anandijambulanso m'kati mwa khosi ndi makina a sikani.

Dokotala ndi mayi wamfupi, salankhula mozungulira. Anakoka katani, anakhala pampando, anati ndi khansa. Yakula, kuiotcha ndi makina kokha sikungakwane. Achotsa kholingo lonse pamodzi ndi zotulutsa mawu. Ndizipumira pabowo la pakhosi ngati a Sipuni. Masabata oyamba ndizidyera m'kapaipi ka m'mphuno. Patsogolo ndingaphunzire kulankhula ndi kamakina kogunditsa pakhosi, koma anati ndisadzinamize, sadzakhala mawu anga. Tsiku ndi Lachitatu pa 26.

Ndinafunsa ngati pali njira ina. Anati, "Ilipo, kusachita chilichonse. Imeneyo sindingakulangizeni." Ndiye kuno mayankho ndi awiri okha. Gemu ija ndi yowolowa manja.

Mayi a Katsabola sanalire pamaso pa dokotala. Atachoka, anayamba kupinda thaulo lopindidwa kale.

"Bambo a Katsabola, mwana tisamuuze."

"Adzaona yekha."

"Adzaona nthawi yake ikakwana. Pano tingoti akukachotsa chotupa. Ndi mwana uja, mutu wake sunganyamule zimenezi. Mwamva?"

Sindinayankhe. Iwo anatenga chete wangayo ngati inde, anandisisita phewa, anapita kukakwera basi.

Za ntchito sindikuziganiza n'komwe, ngakhale sindinaonepo mphunzitsi wa galimoto wopanda mawu. Chondidya ndi chimodzi. Mkazi wanga ndingamulembere. Abale anga ndingawalembere. Katsabola sawerenga. Chilichonse chimene ndikufuna amve kuchokera kwa ine, ndichinene mawu akadalipo. Ndikufuna amve kwa ine kuti mawuwa akupita. Ndatsala ndi Malamulungu awiri.

Lachinayi, 13 Juni

Magazi achepa, andipatsa botolo limodzi. Kutentha thupi kulibe. Mawu lero ali ngati sowo yobuntha.

Ndinasuzumira kutsogolo m'gemu, ndipo bwenzi ndisanatero. Tatsala pang'ono kufika pachipata chija. Pali kamtsikana kogulitsa mazira kamene kakhala kakutsatira Chipewa kuyambira kumsika. Katsabola amakakonda kwambiri, amakatcha Kamazira. Pachipatapo Chipewa wauzidwa kale kuti wolowa mmenemo satuluka. Kamazira akugwira malaya ake n'kufunsa kuti, "Mubweranso liti?"

Loyamba: "Mawa, mwana wanga. Undidikire pompano." Lachiwiri: "Sindibweranso. Choka, usandidikire." Lachitatu: khala chete.

Ndinayesa onse, kumabwerera m'mbuyo. Ndinadina loyamba, labodza lija. Nyali inawala mpaka sikirini yonse kuyera, nyimbo yokoma n'kuyamba. Kamazira anakhala pamwala akumwetulira. Ukabwerera pamalopo, kaya papita nyengo zingati m'gemumo, umamupeza pamwala pomwepo, dengu lake pamwendo, akumwetulirabe. Zimenezo gemu ikuti ndi chifundo. Ndinadina lachiwiri. Chipewa anamukankha, zimene mzerewo sunanene, mazira anasweka, nyali inafuka ngati galimoto yotha injini. Lachitatu, mwanayo anangoti "Chabwino," n'kutembenuka.

Ndani anawauza anthu amenewa kuti choonadi chimayenera kubwera ndi chibakera? Ndani anawauza kuti kusiya mwana pamwala ndi ubwino? Ndinamenya chivundikiro cha laputopu mpaka nesi wa magalasi anabwera kudzafunsa ngati ululu wakula. Ndinati eya. Anandipatsa mapiritsi awiri.

Koma mkwiyo utatsika ndinaona kuti khomo ndi lomweli. Lamulungu tikafika pachipata, Kamazira akafunsa, lachinayi lidzakhala langa lenileni. Ndidzayamba ngati Chipewa, ndidzamaliza ngati adadi ake.

Lachisanu, 14 Juni

A Sipuni anaona zonse dzulo. M'mawa anang'amba kabokosi ka mankhwala, analembapo, n'kundiponyera. Zilembo zazikuluzikulu:

MAWU ANGA OMALIZA: PATAPATA WANGA ALI KUTI.

Ndinawayang'ana. Analoza kolowera kufiyeta, kochitira opaleshoni, analoza kumapazi kwawo, anatambasula manja. Ndiye kuti munthu amene anagulitsa nyama moyo wake wonse, wokuwa kumveka msika wonse, mawu ake otsiriza anathera pa patapata.

Ndinafunsa kuti, "Munamupeza?" Anamenya kawiri.

Akazi awo anati, "Akuti mulimbe mtima, Mulungu alipo." A Sipuni anatseka maso. Sanamenye katatu, ndipo ndinawamvera chisoni onse awiri.

Lachinayi lija ndalikonza m'mutu. Sindililemba muno, lingazizire.

Lamulungu, 16 Juni

Ndalephera.

Kunja kunali kamphepo. Katsabola anakhala pamwendo panga, mayi ake pambali pathu akusenda lalanje. Tinakwera phiri, tinafika pachipata. Kamazira anagwira malaya a Chipewa. Ndinachepetsa mawu mmene ndikanathera: "Mubweranso liti?"

Ndinawerenga loyamba. Katsabola anakwinya nkhope. "Akunama. Anamuuza kuti satuluka."

Ndinawerenga lachiwiri. "Iii, nkhanza."

Lachitatu. "Chitsa," anatero, mawu anga omwe.

Kenako anadikira. Chala changa chinali kale pasikirini, pansi pa mizere ija. Mayi ake anasiya kusenda lalanje. Anangondiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali, munali mantha okhaokha. Mutu wa mwanayo unali pansi pa chibwano changa, ukununkha mafuta odzola. Mawu onse amene ndinakonza anali pomwepo. Ndinaganiza kuti, lero wasangalala, ndimusiye, Lamulungu lina lilipo.

"Lero lachinayi palibe," ndinatero.

Anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Kenako anatseka yekha laputopu ndi manja awiri.

"Ndiye tisasankhe."

Anadya lalanje. Anandiuza za mnzake wa kusukulu amene dzino lake linagwera m'botolo la madzi. Belu lotulutsa alendo litalira anatsika n'kuthamangira kumasitepe, juzi atalisiya pabenchi. Ndinalinyamula n'kumuitana ndi timawu tanga totsalato: "Iwe, usaiwale juzi!"

Ophunzira anga ndimawauza kuti ukafika pamphambano usamaime pakati, sankha upite. Lero injini yandizimira ine mwini, pakati penipeni.

Lachiwiri, 18 Juni

M'mawa mpweya unakana. Ndinadzuka ndikukoka ngati ndikupumira m'kaudzu. Andiika pa okosijeni, andibaya jekeseni yochepetsa kutupa. Dokotala akuti chotupa chikutseka njira, sitingadikire pa 26. Opaleshoni ndi mawa m'mawa. Ndasaina. Kuyambira madzulo osadya, osamwa.

Ndinati nanga Lamulungu? Anati, "Bambo, Lamulungu tikufuna mudzakhale mukupumabe."

Mayi a Katsabola anathamanga kuchokera kuntchito. Ndinawanong'oneza kuti ndikufuna mwana. Anapita kukapempha, anawakaniza, ana salowa ndipo ine sindingachoke pa okosijeni. Atabwerako anaimba okha foni kwa mlongo wanga kumene mwanayo ali, n'kundiika foniyo kukhutu. Sananenenso kuti ndisamuuze. Anatembenukira kuwindo.

"Adadi?"

Ndinayamba. Ndinati, "Katsabola, tamvera, lachinayi lija." Koma chotuluka chinali mphepo chabe.

"Adadi? Sindikumva. Azakhali, foni yanuyi ndi yoonongeka. Adadi, kuwani!"

Ndinakuwa. Sizinamveke ngakhale kwa a Sipuni.

"Chabwino, mudzandiuza Lamulungu," anatero, n'kudula.

Nesi wa magalasi anati ndijambule mawu pafoni, ena amatero. Tinayesa. Pomvetsera tinangomva kulira kwa okosijeni.

Ndiye kuti mawu omaliza amene mwana wanga anamva kwa bambo ake ndi a juzi. A Sipuni, sunthani, tikhale awiri pabenchi la patapata.

Loweruka, 22 Juni

Ndili moyo. Mapaipi paliponse. Mofini wopha ululu.

Ndinayesa kutsokomola, mpweya unatulukira pakhosi. Ndinalira. Kulira nakonso kulibe mawu.

Lamulungu, 23 Juni

Sindingatuluke. Ndinamva ana akusewera pakhonde. Wanga sanabwere naye.

Lachiwiri, 25 Juni

Andibwezera pabedi langa. Achotsa paipi imodzi ya pabala. Bowo amalipukuta ndi kulikoka makhololo m'mawa, masana ndi madzulo. Chakudya ndi chamadzi, cha m'kapaipi ka m'mphuno. Fungo sindikumva, ngakhale la mankhwala opukutira pansi. Dokotala akuti anachotsa chonse chimene anachiona, kuotcha kudzayamba bala likapola.

Nesi wandipatsa kabolodi ka pulasitiki kokhala ndi zithunzi, koti ndiziloza dzanja likatopa kulemba. Madzi. Ululu. Chimbudzi. Kuzizira. Inde. Ayi. Zikomo. Ndakatembenuza kumbuyo, kulibe kanthu.

Abwana a kuntchito anabwera ndi buledi amene sindingadye. Anati, "A Buleki, mukuoneka bwino kwabasi." Ndinafuna kuwauza kuti amanama ngati wogulitsa galimoto yakale, komanso kuti ndakondwa abwera. Ndinaloza Zikomo.

Ndinkatukwana gemu chifukwa cha mizere itatu. Panopa ndakhala Chipewa weniweni, ndipo wondiwonjezera lachinayi palibe.

Lachinayi, 27 Juni

A Sipuni atuluka. Anavala jekete lawo lakale, lawakulira. Pochoka anaika sipuni yawo pakabati yanga n'kundifinya chala chakuphazi. Akazi awo anatsegula pakamwa kuti amasulire, kenako anangotseka. Bedi lawo lalandira kale munthu wina.

Madzulo mayi a Katsabola anandipukuta kumaso n'kukhala pansi. Aonda. Ndinalemba kuti, "Mwana mwamuuza chiyani?"

"Ndinati mawu anu akupuma."

Ndinalemba kuti, "Mpaka liti?"

Anawerenga, kenako zinangotuluka. "Mukuganiza kuti sindikudziwa kuti ndi bodza? Inu muli kuno, manesi akuzungulirani. Kunyumba ndili ndekha. Akayamba kulira, ine ndimutonthoza ndi chiyani, poti nanenso ndikungodzigwira ndi ulusi? Ndimalirira kubafa, mpopi nditatsegula. Ndimaopa, bambo a Katsabola. Si nkhanza ayi."

Ndinayang'ana kabolodi. Palibe chithunzi cha zimene ndinkafuna kunena. Ndinagwira dzanja lawo, tinakhala choncho mpaka belu.

Lamulungu andilola kutuluka panjinga ya odwala. Ndikuopa kuposa mmene ndinaopera fiyeta.

Lamulungu, 30 Juni

Nesi wa magalasi anandimanga kansalu koyera pakhosi, anamata bwino kapaipi ka m'mphuno, anandikankha mpaka pakhonde. Pamwendo ndinali ndi laputopu, kabolodi ndi sipuni.

Katsabola sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono atagwira siketi ya mayi ake, juzi lili m'chiuno. Anayang'ana kapaipi, anayang'ana kansalu. Kansaluko kamayenda ndikamapuma, ndipo anakayang'ana nthawi yaitali.

"Zikupweteka?"

Ndinamenya sipuni kamodzi pachitsulo cha njinga. Mayi ake anamuuza kuti kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi.

"Nanga katatu?"

"Katatu kulibe," anatero mayi ake msangamsanga.

Anayandikira, anaika dzanja pabondo langa.

"Adadi, mawu anu abweranso liti?"

Ndinayang'ana kabolodi. Inde. Ayi. Zikomo. Chala changa chinangoyendayenda pamwamba. Mayi ake anayamba kuti, "Abwera, mwanangu, akango..." koma anaima okha, anagwira pakamwa.

Katsabola anatiyang'ana tonse awiri. Kenako anachotsa kabolodi kaja n'kukaika pabenchi, anatsegula laputopu. Amadziwa podina. Chipata chinabwera, Kamazira atagwirabe malaya a Chipewa, mizere ili pansi. Anaika chala pasikirini n'kuyamba kutsika nacho.

"Wani. Thu. Fili." Anandiyang'ana. "Adadi, ine kuwerenga mawu sinditha, koma manambala ndimatha. Imakhala itatu nthawi zonse. Kuyambira kalekale."

Miyezi yonseyi ndimadziona wochenjera, chala pasikirini ngati loya.

"Ndipo amami akamalankhula ndi azakhali pafoni kubafa zimamveka," anatero. Mayi ake anakhala pansi pabenchi.

Mwanayo anatsitsa chala pansi pa mzere wachitatu, pamalo opanda kanthu paja. Anakokera chibwano pachifuwa, anakonza kukhosi mmene ndinkachitira ine.

"Lachinayi," anatero. Kenako ndi mawu a Chipewa: "Kamazira, mawu anga sabweranso. Anadwala kwambiri, adokotala anawachotsa. Usakhale pamwala. Koma ineyo ndibwera kunyumba, ndizikhala pampando wanga. Ukhoza kulira, koma pang'ono, chifukwa amami atopa."

Anawanena mosasa, mokhwekhwereza, akupumira pakati ngati wokwera masitepe. Ndinazindikira kuti sakutsanzira Chipewa wa m'gemu, akutsanzira ine. Ndipo mawu anga amene akuwadziwa bwino ndi odwala aja. Abwinobwino aja, okuwa "Buleki!" mpaka agalu kuuwa, mwina anawaiwala kale.

Anachotsa chala.

"Ndakhoza?"

Langa lija, limene ndinalikonza masiku onse aja, linali lalitali, lodzaza ndi zokometsera. Silikanafika apa.

Ndinamenya sipuni kamodzi.

Ndiye analira, osati pang'ono. Mayi ake anamunyamula, nawonso akulira poyera, popanda mpopi. Ine ndinalira mwanga mopanda mawumo, kansalu kakukwera ndi kutsika. Anthu a pamabenchi ena anayang'ana kumbali. Sitinadine chilichonse. Batire linatha laputopu ili chitsegulire.

Madzulo atsuka bowo, asintha bandeji. Kutentha thupi kulibe. Mankhwala andithirira m'kapaipi.

Juzi waliiwalanso. Ndinaliona pabenchi iye ali kale pamasitepe, ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane.

Lili pano, papilo.